Kodi galu amamwalira?

Galu wanga adafa Lachitatu m'mawa, mu Novembala, mvula yoyamba itangogwa. Ndidamupeza atagona pansi pa mtengo wa mandimu kuseri kwa nyumba yomwe ndimachita lendi ku Protea Park, mumzinda wa Rustenburg, mutu atautsamiritsa pa miyendo yakutsogolo monga ankachitira masiku onse podikira kuti nditsekule chitseko. Nditatenga foni kuti ndidziwitse mnzanga wa ku Dedza yemwe timapemphera mpingo umodzi, chala chidalemba chokha kuti, "Mtchona wamwalira." Ndidawayang'ana mawuwo kwa kanthawi, kenaka ndidawafufuta n'kulemba kuti, "Mtchona wafa." Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikudzifunsa chomwe ndidafufutira mawu oyambawo, ndiponso ngati ndidachita bwino kutero.

Aliyense amene adayamwira Chichewa amaudziwa malire amenewa popanda kuphunzitsidwa. Munthu amamwalira, amatisiya, amatsogola, amatsikira kulichete. Nyama imafa basi. Munthu timamuika m'manda, ndipo mudzi wonse umaleka kulima tsiku limenelo. Galu timamukwirira, ena amangomukokera kutchire. Mwana akanena pamaso pa anamfedwa kuti "agogo afa," akuluakulu amamuyang'ana ndi diso lakuthwa. Wamkulu akanena kuti "galu wanga wamwalira," anthu amaseka, ena n'kumanong'onezana kuti uyu chizungu chamulowa m'mutu. Tsono ine, amene ndimadzitcha wokonda mawu, ndidapezeka ndili pakati pa mawu awiriwa m'mawa umenewo, galu ali gone pamapazi anga.

Ndifotokoze kaye za kukonda mawuku, chifukwa ndi kumene kudandilumikiza ndi galuyo. Kuno ku Rustenburg Chichewa chilibe pokhala. M'minibasi muli Chitswana, m'masitolo muli Chingerezi ndi Chibunu, ndipo pansi pa mgodi anthu ambiri amalankhulanabe Chifanakalo, chilankhulo cholamulirana ntchito chomwe agogo athu adachiphunzira nthawi ya Wenela. Chilankhulo chimene sukuchigwiritsa ntchito chimachita dzimbiri ngati khasu losiyidwa pamvula. Ndidazindikira zimenezi tsiku lina ndikuyankhula pafoni ndi amayi, pomwe ndidafuna kutchula chija amamanga ndi masamba posungira mfutso, koma dzina lake lidandithawa. Amayi adachita kundikumbutsa kuti ndi chikwatu, akuseka. Ine sindidaseke. Ndidamva ngati ndaiwala dzina la m'bale wanga.

Kuyambira chaka chimenecho ndidadziikira lamulo. Disembala aliyense, anzathu akamakwera mabasi odzera ku Beitbridge kupita kumudzi, ine wotsalira ndimawerenga mabuku awiri omwe ndidabwera nawo m'chikwama. Loyamba ndi Nthondo, lomwe adalemba Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku mishoni ya Nkhoma, ndipo lidatuluka mu 1933. Ndi nkhani ya moyo wa munthu mmodzi wakumudzi, kuyambira ali mwana mpaka imfa yake. Lachiwiri ndi Mtanthauziramawu wa Chinyanja, womwe udakonzedwa ndi akatswiri a zilankhulo a pa Yunivesite ya Malawi. Loyambalo ndimaliwerenga lonse. Lachiwirilo ndimangotsekula paliponse n'kumalawa mawu, masamba atatu kapena anayi patsiku. Ndipo ndimawerenga mokweza, chifukwa mawu a Chichewa ongowaona ndi maso amakhala ngati nsima yozizira. Kamvekedwe kake ndi kamene kamasiyanitsa mtengo womera ndi mtengo wa malonda, ndipo lilime likaiwala kamvekedweko palibe buku lingalikumbutse.

Munthu wowerenga mokweza ali yekha pakhonde amaoneka ngati mutu wake sukuyenda bwino. Koma akakhala ndi galu pambali, anthu odutsa amangoti akucheza ndi galu wake. Mtchona adandimvetsera ndikuwerenga Nthondo kasanu ndi kamodzi, zaka zisanu ndi chimodzi zotsatizana. Sindikunena kuti ankamva nkhaniyo. Ankamva liwu langa, ndipo ndikasiya kuwerenga ankadzutsa mutu ngati akufunsa chomwe chachitika. M'dera lonse la Protea Park, pansi pa mapiri a Magaliesberg, iye ndiye yekhayo amene ankamva Chichewa chotuluka pakamwa panga tsiku ndi tsiku. Ndikati "bwera" ankabwera, ndikati "choka" ankachoka, ndikati "tiye" ankathamangira kuchipata. Mayi eni nyumba akamuitana m'Chitswana ankangowayang'ana.

Dzina lakelo lili ndi nkhani yake. Kwathu dzina la galu si lokongoletsa. Ndi kalata yopita kwa anthu oyandikana nawo. Mayi amene watopa ndi miseche ya pamudzi amatcha galu wake dzina lodzudzula amisechewo, ndipo madzulo aliwonse akamamuitana kuti adzadye mkute, uthenga umafika kwa eni ake popanda woimbidwa mlandu. Ine ndidalibe woti ndimutumizire uthenga kupatula ine ndemwe. Galuyo adangofika yekha pachipata ali kamwana, nthiti zili pamtunda, ndipo palibe adabwera kudzamufuna. Ndidamutcha Mtchona, monga timatchulira munthu amene adapita ku Joni kapena ku Halale n'kusabwereranso kwawo. Ndikamamuitana madzulo ndinkadzikumbutsa kuti matchona onse adayamba ndi kunena kuti adzapita chaka chamawa.

Mnzanga wa ku Dedza uja atalandira uthenga adabwera madzulo ake. Adandipeza ndikukumba dzenje pakona ya mpanda, mayi eni nyumba atandiloleza. Adandithandiza kukumba, koma ataona kuti maso anga ndi ofiira adaimika fosholo n'kunena kuti, "Achimwene, mukulira galu? Kuno ku Rustenburg?"

Funso limeneli si lachipongwe, ndipo sindifuna kulipeputsa. Amene amadziwa dera lino amamvetsa chifukwa chake adawonjezera mawu akuti "kuno ku Rustenburg." Kum'mawa kwa mzinda uno kuli Marikana, komwe pa 16 Ogasiti 2012 apolisi adawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito mumgodi wa Lonmin omwe ankanyanyala ntchito pofuna malipiro abwino. Pa 27 Novembala 2023 chikepe chonyamula antchito pa shafuti nambala 11 ya mgodi wa Impala Platinum chidatsetsereka, anthu 11 adamwalira tsiku lomwelo, ndipo ena awiri adatsatira ali kuchipatala. Ife Amalawi tili ndi chikumbukiro chathu chakale: mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha anthu oposa 70 omwe ankabwerera kumudzi kuchokera kumigodi, ndipo Kamuzu Banda adaletsa kulemba Amalawi ntchito za kumigodi ya kuno kwa zaka zingapo. Lero lomwe, mnzathu akamwalira timasonkha ndalama kuti thupi lake lidutse Zimbabwe ndi Tete mpaka likafike pa Mwanza, kuti asaikidwe kuchilendo. M'dera lotere, misozi yotayira galu imaoneka ngati kuthira madzi maluwa nyumba ikupsa.

Ndikuvomereza mbali yaikulu ya zimene mnzangayo ankatanthauza. Malire a pakati pa kufa ndi kumwalira makolo sadawaike mwangozi. Ndi mpanda woteteza munthu. Tikamati "adamupha ngati galu" timakhala tikunena kuti chachitikacho n'chonyansa, ndipo mawuwo ali ndi mphamvu chifukwa tonse timadziwa kuti munthu si galu. Mpandawo ukagwa, amene amavutika si galu ayi, koma munthu wosauka. M'madera ngati Protea Park muno, komwe Amalawi ambiri amagwira ntchito yosamala maluwa ndi kusesa m'nyumba, si zachilendo kuona galu akugona pabwino ndi kudya bwino kuposa munthu amene amamusambitsa. Amene adaona zimenezi ndi maso ake ali ndi ufulu wokayikira munthu wolira galu. N'chifukwa chake mpaka lero ndikuona kuti ndidachita bwino kufufuta mawu aja. Mtchona adafa. Sadamwalire. Mawu akuti kumwalira ndiwasiyire ana amasiye a ku Marikana ndi amayi a kumudzi amene amalandira bokosi m'malo mwa mwana.

Koma funso la mnzangalo lili ndi ganizo lina lobisika, ndipo limenelo ndikulikana. Ganizo lake ndi lakuti chisoni chili ngati ufa wa m'thumba, woti ukatapako kupatsa galu ndiye kuti wamana ana. Ine sindidaonepo munthu amene adasowa misozi ya pamaliro a m'bale wake chifukwa choti adaimalizira pa galu. Ndaona zosiyana ndi zimenezi. Agogo anga aamuna adali mlenje, ndipo agalu akagwira kalulu kapena gwape, iwo ankayamba apatsa agaluwo matumbo asadanyamule nyama kupita kumudzi. Ankati amene wathamanga nawe adye nawe. Munthu yemweyo ndiye ankakhala woyamba kufika kumanda ndi khasu pakagwa zovuta pamudzi. Dzanja lozolowera kupatsa silisankha.

Chilankhulo chathu chomwe chimadziwa kuti galu sali kutali nafe monga mbuzi. Timati mbuzi yafa, nkhuku yafa, ng'ombe yafa, koma galu wafa, monga timanenera kuti mlendo wafika. Ambiri awo ndi agalu, ndi "a" yemweyo wa agogo ndi alendo. Sindikufuna kumanga nyumba yaikulu pa kamwala kameneka, chifukwa fisi ndi nyani nawonso ali m'gulu lomwelo. Komabe pakamwa pathu galu amayenda ndi mawu a anthu, ndipo pabwalo amagona pakhomo pa anthu. Ndi nyama imene idasiya tchire n'kudzadalira ife. Kudalirako ndiko kumabala ngongole.

Apa ndi pomwe ndiyenera kunena zimene sindidamuuze mnzanga uja tili pa dzenje. Mtchona adayamba kudwala Lamlungu. Adakana chakudya, thupi lidatentha, ndipo nditakweza mlomo wake ndidaona kuti nkhama zayera. Ndinkadziwa chomwe chidali. Kuno nyengo ya mvula nkhupakupa zimachuluka, ndipo zina zimapatsira agalu tizilombo totchedwa Babesia, timene timalowa m'magazi n'kumaphwanya timaselo tofiira mpaka galu kutha magazi. Aliyense woweta galu m'dziko lino amaadziwa matendawa, ndipo amadziwanso kuti akafulumira nawo kwa dokotala wa ziweto, jakisoni amachiza agalu ambiri. Koma udali Novembala, mwezi wodzala, ndipo ndalama zomwe ndidali nazo ndidaziikira feteleza wa munda wa amayi. Ndidadziuza kuti, "Ndi galu chabe, achira yekha." Lolemba ndidabwereza mawu omwewo popita kuntchito. Lachiwiri madzulo, ataleka kuimirira, m'pamene ndidamunyamula kupita naye kwa dokotala. Dokotalayo adachita zomwe akadatha, koma adandiuza mosabisa kuti ndachedwa.

Ndalingalira kwambiri ngati kudali kulakwa kuika munda wa amayi patsogolo pa galu. Ndikuona kuti sikudali kulakwa, ndipo zitati zichitikenso kuti ndisankhe chimodzi pakati pa njala ya amayi ndi moyo wa galu, ndingasankhe amayi. Koma kunena zoona, sankho limenelo silidalipo. Jakisoni wa Lolemba m'mawa sakadatha ndalama za feteleza. Mankhwala opha nkhupakupa, omwe ndidasiya kugula miyezi iwiri m'mbuyomo, ndi otsika mtengo kuposa ndalama zomwe ndimawononga pa mayunitsi a foni. Sindidakhale pansi n'kuwerengera. Chidandigamulira nkhaniyo ndi kamawu kamodzi, kakuti "chabe." Ine wokonda mawu, amene ndimatha theka la ola ndikusinkhasinkha kusiyana kwa chisoni ndi chifundo, ndidatenga kamawu ka zilembo zisanu n'kukasandutsa mtsamiro, ndipo ndidagona tulo tabwino masiku awiri galu akutha magazi panja.

Kamawu kameneka ndikuopa tsopano kuposa kutukwana. Wotukwana amakhala akukuona, ngakhale akukuona ndi mkwiyo. Wonena kuti "chabe" wasiya kukuona. Ndipo kamawuka sikakhala pa agalu pokha. Ife okhala kuchilendo tidakamva kakunenedwa pa ife: ndi wantchito chabe, ndi mlendo chabe, ndi Mmalawi chabe, mawa kubwera wina. Mu Meyi 2008 anthu 62 adaphedwa m'dziko lino pa ziwawa zolimbana ndi alendo, ndipo boma la Malawi lidatumiza mabasi kudzatenga nzika zake. Munthu asadatole mwala kuti agende mnzake, amakhala atamuchepetsa kale ndi mawu mumtima mwake. Sindikuyerekeza imfa ya galu wanga ndi imfa za anthu amenewa, Mulungu andikhululukire ngati zikumveka choncho. Ndikunena kuti chida chomwe ndidagwiritsa ntchito podzimasula ku udindo wanga ndi chomwecho chimene ena amagwiritsa ntchito podzimasula ku udindo wawo pa ife. Ndidachipeza m'thumba langa lomwe.

Anzeru a maiko ena adakangana kale pa nkhaniyi. Immanuel Kant wa ku Germany ankaphunzitsa kuti munthu wopha galu wake wokalamba chifukwa wasiya kumugwirira ntchito salakwira galuyo mwachindunji, koma amawononga umunthu wa mumtima mwake, ndipo mawa adzachitira nkhanza anthu anzake. Jeremy Bentham wa ku England, polemba mu 1789, adati chofunika kufunsa si chakuti nyama imaganiza kapena kuyankhula, koma ngati imamva kuwawa. Kale ndinkagwirizana ndi Kant, chifukwa maganizo ake amasunga bwino mpanda uja wa pakati pa munthu ndi nyama. Koma nditakhala pansi pa mtengo wa mandimu Lachitatu lija, ndidadziwa kuti amene ndamulakwira si mtima wanga. Ndi galuyo. Iye ndiye adamva kuwawa masiku atatu, akuyang'ana chitseko cha munthu yekhayo amene akadamuthandiza.

Baibulo lomwe timawerenga kutchalitchi silichita manyazi ndi nkhani yotere. Mneneri Natani atafuna kumutsekula maso mfumu Davide pa tchimo lake, m'buku lachiwiri la Samueli mutu 12, adamuuza za munthu wosauka amene adali ndi kankhosa kamodzi kokha, komwe kadakulira m'nyumba pamodzi ndi ana ake. Davide adapsa mtima atamva kuti wolemera adamulanda kankhosako, ndipo palibe adamuuza kuti akudandaulira nkhosa chabe. Mlaliki nayenso, m'mutu wachitatu, amakumbutsa wonyada kuti munthu ndi nyama amapuma mpweya umodzi ndipo onse amabwerera kufumbi. Mabuku amenewa sakuti nkhosa ndi munthu. Akuti amene sangamve chisoni cha mwini kankhosa sangamvenso cha Uriya.

Akuluakulu adati kali kokha n'kanyama, tili awiri n'tianthu. Mwambiwu umanena za anthu awiri, ndipo galu sangalowe m'malo mwa m'bale. Koma ndikayang'ana zaka zisanu ndi chimodzi zija, ndimaona kuti Mtchona adanditeteza kuti ndisasanduke kanyama. Mwamuna wokhala yekha m'kachipinda ka kuseri, kutali ndi kwawo, malipiro ali m'thumba Lachisanu, ali ndi njira zambiri zotayikira. Ine ndinkabwerera kunyumba chifukwa kudali wina wanjala wondidikira. Ndinkaphika chifukwa mkute udali ndi mwini wake. Ndinkayankhula Chichewa mokweza chifukwa padali khutu. Izi sizimupanga galu kukhala munthu, koma zimandipanga ine kukhala wangongole, ndipo ngongoleyo sidali ya nyimbo za maliro kapena mawu aulemu atafa kale. Idali ya mankhwala a nkhupakupa mu Seputembala ndi ulendo wa kwa dokotala Lolemba m'mawa. Ndikadalemba kuti "wamwalira," ndikadamupatsa ulemu womwe sadaupemphe m'malo mwa chisamaliro chomwe adali nacho ufulu. Mawu okoma a pamaliro kawirikawiri amatonthoza amene adachedwa kufika.

Loweruka lotsatira ndidaimbira foni amayi. Titatha kukamba za mvula ndi za feteleza, yemwe adali atafika, ndidawauza mwamanyazi kuti galu wanga uja adafa. Ndinkayembekezera kuti aseka monga adasekera za chikwatu. Adakhala chete pang'ono, kenaka adati, "Pepa mwana wanga. Udamukwirira bwino?" Ndidati eya, pakona ya mpanda, dzenje lakuya. Iwo adati, "Wachita bwino. Amakusunga ameneyo." Amayi sadawerengepo Kant kapena Bentham, koma m'mawu ochepawo sadasokoneze kanthu. Adati kukwirira, osati kuika m'manda. Adatinso pepa, ndipo sadati chabe.

Disembala wafika, mabasi a ku Lilongwe ndi Blantyre adzaza, ndipo ine ndatulutsa mabuku anga awiri aja. Tsiku loyamba ndidayesa kuwerenga chamumtima, koma sizidayende. Tsopano ndikuwerenga mokweza pakhonde monga kale, odutsa aganize zomwe angaganize. Nthondo ndi yemweyo, koma chaka chino masamba onena za imfa ndikuwawerenga pang'onopang'ono. Mdzukulu wa mayi eni nyumba wandiuza kuti galu wa mnzake waswa ana asanu, ndipo akufuna kundibweretsera mmodzi. Ndamuuza kuti adikire mpaka malipiro a Januwale, kuti ndiyambe ndagula mankhwala a nkhupakupa kagaluko kasadalowe pachipata.